Kuchokera ku Tingi Kukaletsa Boti la Alamu

Ine ndine mmisiri wa maboti. Kuno ku Mbamba Bay amati fundi, ndipo dzina langa lenileni analiiwala kalekale, amangoti fundi Mmalawi, ngakhale ku Nkhotakota ndinachokako ndevu zisanamere bwino. Ulendo umene ndikufuna kunenawu ndinauyenda mwezi wa Okutobala, kuchokera kumapiri a ku Tingi mpaka ku Lituhi. Musayembekezere kuti ndikuuzani za kukongola kwa malo. Sindinaone kanthu ine, maso anali padzuwa basi.

Ndiyambe ndi mwambo wathu, chifukwa popanda umenewo simungamve chimene chinandizula ku Tingi. Boti likakhala pamchenga likukonzedwa, mmisiri n'kuchokapo ntchito isanathe, amasiya kasemasema kake m'botimo, kopingasa pampando wapakati. Anzathu kuno amati tezo. Salemba kalata, safuna mboni. Msodzi aliyense m'mbali mwa nyanja muno akaona kasemasema m'boti amadziwa kuti limeneli silikhudza madzi. Akapeza mulibe, ndiye kuti fundi wamaliza, kankhirani m'madzi.

Mlongo wanga, amake Neema, anakwatiwa ku Lituhi ndi bambo wina msodzi wa usipa, dzina lake Kasiani. Boti la alamu angawo linali litayamba kumwa madzi, ndiye anandiitana, ndinakhala kwawoko sabata yathunthu. Ndinachotsa matabwa awiri owola, kuikapo atsopano, n'kuyamba kukhomera thonje m'mipata ya matabwa. Thonje linandithera nditatsala ndi mpata umodzi wautali, wapansi penipeni, pafupi ndi msana wa boti. Kuti dzuwa lisang'ambe thabwa latsopanolo ndinatsekamo zidutswa za chiguduli n'kupakapo phula pamwamba. Kuyang'ana kunja, ntchito yosiririka. Koma chiguduli sichigwira madzi, chikanyowa chimangofumuka.

Alamu nthawiyo anali ku Songea kukagula zitsulo za injini. Pochoka anandigwira paphewa, n'kunditchula shemeji, ndiye kuti mlamu. "Shemeji, Lachisanu mwezi ulowa mumdima, usipa uyamba. Botili ndilifuna pamadzi Lachisanu."

Lolemba m'mawa galimoto ya ku Mbamba Bay inaliza hutala ine ndili pakati pa chai, achemwali atalawirira kumunda wa chinangwa. Ndinawola zipangizo, kuponya m'thumba, liwiro. Sindinatsanzike munthu. Mumtima ndinkadziwa, ndikanalumbira ndi Baibulo kumene, kuti kasemasema ndakasiya pampando.

Thonje ndinagula Lachiwiri. Ndikanabwerera tsiku lomwelo, nkhaniyi bwenzi kulibe. Koma pa sitendi ndinakumana ndi mkulu wina, mzee Alfonsi wa ku Tingi, mnzanga wa uzimba.

"Fundi, tchire lapsa kwathu! Agwape akungoyenda poyera. Tiye masiku awiri okha, ukandikonzerenso mtengo wa mfuti, wang'aluka."

Munthu aliyense ali ndi nthenda yake. Mowa sindimwa, fodya ayi, koma ndikamva agalu akuuwa pamapazi a nyama mutu umaima. Ndinadziuza kuti alamu adikira tsiku limodzi, safa nazo, kasemasema kawauza. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mwambi umenewu ndimaudziwa kuyambira ndili mwana, koma ndinakwera nawo.

Thumba la zipangizo ndinalisiya kunyumba kwa Alfonsi, tinalowa m'tchire ndi agalu asanu. Masiku awiri tikupuma phulusa, miyendo yakuda bii mpaka m'mawondo. Lachitatu lonse sitinaphe ngakhale mbewa. Lachinayi dzuwa litapendeka agalu anadzutsa gwape m'kakhwawa, Alfonsi anawombera n'kumuthyola mwendo wakumbuyo, agalu anakamugwirira pamiyala. Amene sanamvepo gwape akulira m'kamwa mwa agalu asafune kumva, amalira ngati khanda. Ine ndinkakondwa. Ndinamunyamula pakhosi ndikuimba, madzulo tinawamba nyamayo pamoto.

Lachisanu m'mawa ndinakhala pakhonde kuti ndikonze mfuti ija ndisananyamuke. Ndinapisa dzanja m'thumba kufuna tchizulo. Dzanja linagwira mpini. Mpini wosalala, wodya thukuta langa zaka zambiri, sindikanausokoneza ndi china. Ndinakoka. Kasemasema!

Alfonsi akuti ndinayera milomo.

"Fundi, kwagwanji? Njoka?"

"Boti la alamu. Sindinamalize. Chizindikiro chake ndi ichi, chili m'manja mwangamu."

Alfonsi ndi munthu wa kumapiri, za maboti sadziwa, komabe anamva. "Apita liti panyanja?"

"Lero. Dzuwa likangopendeka."

Ndinaimba foni ya alamu. Mayi uja wa m'foni n'kumangoti haipatikani, siikupezeka. Ndinakwera pachulu, kuimbanso, chimodzimodzi. Kugombe la alamu mafoni amagwira pokhapokha munthu akaimirira pafupi ndi tchalitchi, ndipo achemwali foni yawo inali itafa chaka chatha. Nambala ina ya ku Lituhi ndinalibe.

Apa ndiye mumve uchitsiru. Alfonsi anathamanga kukaitana wa bodaboda, njinga yamoto ya hayala, ndipo ine podikira ndinatenga ntchafu ya gwape ndi nthiti, kukulunga m'masamba a nthochi, kulonga m'chiguduli. Munthu woti akuthamangira miyoyo ya anzake n'kukhala ndi nthawi yomanga nyama! Ndinkati ndikapatse achemwali, akapsere mtima pang'ono pokha.

Wa bodaboda anali bambo wamkulu ndithu, wa jekete long'ambika, dzina lake Deo. Tinagwirizana mashilingi zikwi khumi ndi zisanu mpaka ku Mbamba Bay. Tinayenda bwino mwina theka la ola, kenako anaima, kutembenuka, kununkhiza.

"Mzee, m'chigudulimu muli chiyani?"

"Ndiwo."

"Ndiwo za miyendo inayi? Kutsogoloku kuli chipata, oyang'anira nyama zakutchire amakhalapo Lachisanu. Akakupeza nazo, iwe ulowa, njinga yanganso ilowa. Sankha. Taya apa tidutse msewu waukulu, kapena tizungulire m'minda ya khofi."

"Kuzungulira n'kutali?"

"Pang'ono chabe."

Ndinayang'ana chiguduli, ndinayang'ana dzuwa. Linali lisanakwere kwenikweni. Ndinati tizungulire.

Pang'ono chabe pa Deo panali njira ya mbuzi. Kutsika, kukankha, kukweranso, kuwoloka timitsinje pa mitengo iwiri. Pakati pa minda tayala lakumbuyo linaponda chitsa n'kuphwa. Deo anali ndi zomatira koma pompa analibe. Ndinakhala pansi pa mtengo ndikukukuta mano, iye anapita kukabwereka pompa kumudzi umene unkaoneka pafupi, koma anatha ola lathunthu. Atabwera anati mwini pompa anali kudimba, anachita kukamutsata. Ndinafuna kumutukwana, koma ndikanamutukwana chifukwa chiyani? Nyama inali yanga.

Tinatulukira pamsewu wa phula wochokera ku Mbinga dzuwa lili pamutu. Kutsetsereka konse kuja mpaka kunyanja ndinkangomumenya Deo pamsana kuti haraka, haraka, fulumira. Pa sitendi ya Mbamba Bay ndinalumpha njinga isanaime.

"Ya ku Lituhi?"

"Yapita, fundi. Ikakhala patali ili ku Lipingo. Mukanafika kale pang'ono."

Ndinapita kwa anyamata a bodaboda. Atamva Lituhi anaimba mluzu, mmodzi anati zikwi makumi asanu ndi awiri, mafuta akwera, msewu ndi woipa, pobwerera abwera wopanda munthu. M'thumba ndinali ndi zikwi makumi awiri. Ndinalonjeza kuti zotsalazo akalandira konko, anaseka. Ndinawaonetsa ntchafu ya gwape, anasekanso kwambiri. Ndikanawauza zoona mwina wina akanachita chifundo, koma pa sitendi pamenepo aliyense amandidziwa, ndipo pakamwa panga panali polemera.

Panali lole yonyamula simenti ndi malata, ikupita ku Lituhi komweko. Kondakitala wake, kuno amati konda, anati nauli, ndalama yokwerera, zikwi khumi, tinyamuka sasa hivi, pompano. Sasa hivi ya konda! Tinadikira matumba a simenti, atabwera tinadikira mwini malata, atabwera dalaivala anapita kukadya. Ndinakhala pamwamba pa matumba otentha, fumbi la simenti likumata pathukuta, ndikuimba foni ija mobwerezabwereza. Haipatikani. Ndinawerengera mumtima kuti tikanyamuka pompano osaima paliponse, ndikawapeza akukweza nyali m'boti. Tinanyamuka itadutsa wani koloko.

Pamwambapo tinalipo anthu khumi ndi angapo. Pafupi nane panakhala mayi wina wonenepa, wogula usipa kukagulitsa kumtunda, ankamutcha mama Agnesi. Mayi wa pakamwa posatseka. Anandiyang'anitsitsa n'kuwomba m'manja.

"Jamani, si fundi Mmalawi uyu? Ndinu amene! Abale, bambo awa ntchito yawo siidontha. Amuna anga akusonkha matabwa a boti latsopano, aliyense akuwauza kuti pitani kwa Mmalawi, ena onsewa ndi akuba. Koma mwatani, mukudwala? Foni imeneyo muibowola ndi chala."

Ndinati ndikufuna alamu anga ku Lituhi, Kasiani wa usipa, sakupezeka.

"Kasiani? Ndimamudziwa! Dikirani. Mlamu wanga ali ndi duka, kagolosale, pafupi ndi tchalitchi, pamene pamagwira foni. Amutumira uthenga pompano."

Tinali tikulowa m'Lipingo. Anaimba, inalowa kamodzi kokha. Anayankhula naye pang'ono, n'kundipatsa foni, mawu ake ali pamwamba kuti aliyense azimva, poti lole inkachita phokoso. Anthu onse pamatumba paja anakhala chete kuti ndiyankhule. Ena mwa iwo anali asodzi. Mmodzi boti lake ndinalikhoma ndine.

Ndakhala ndikubwerera pamalo amenewa m'maganizo tsiku lililonse. Mawu oti ndinene anali ochepa: botilo silinathe, lisalowe m'madzi. Mwana wa zaka zisanu akanatha kuwanena. Koma ndinaona maso onse aja, ndinamva mawu a mama Agnesi akuti ntchito yawo siidontha, ndipo chimene chinatuluka pakamwa panga ndi ichi:

"Ndugu, chonde mukawauze a Kasiani kuti andidikire. Asapite panyanja ndisanafike. Ndili m'njira."

"Pali vuto, fundi?"

"Ayi, hamna shida, palibe vuto. Kankhani ka pabanja chabe. Koma andidikire."

"Sawa, ndikawauza."

Ndinabweza foni. Ndinadzinyenga kuti zakwana, alamu ndi munthu womva. Koma ndimawadziwa asodzi. Tsiku loyamba la mdima, usipa uli pamadzi, anthu asanu ndi atatu akudikira ndi mabanja awo, ndani angakhale pagombe chifukwa cha kankhani ka pabanja? Pofika ku Liuli ndinali nditatsimikiza kuti ndibwereka foniyo, nditsika, ndikanena zonse kuseri kwa lole. Ku Liuli sitinaime, konda anangomenya chitseko kuti twende, tiyeni. Titangotuluka m'tauni ndinawanong'oneza mama Agnesi kuti andibwerekenso. Anayang'ana foni n'kupukusa mutu. Mafoni anali atasiya kugwira.

Kuchokera pamenepo msewu ndi wa mapiri, kukwera n'kutsika, miyala yokhayokha. Lole inkalira ngati ifa. Titapitirira Kihagara, pa chitunda china, tinamva kuti phwa! pansi, lole n'kupendekera kumanzere. Azimayi anakuwa Yesu wangu. Dalaivala anatsika, kulowa pansi, kutuluka akupukuta manja. Chitsulo chonyamula tayala lakumbuyo chinali chitathyoka pakati. Simenti inachuluka.

"Tikhala nthawi yaitali bwanji?" ndinafunsa.

"Konda apite ku Liuli akapeze wowotcherera. Mungu akipenda, Mulungu akalola, mawa."

Mawa! Ndinayang'ana dzuwa, linali litayamba kutsika. Ndinathamangira pamwamba pa chitunda ndi foni yanga, kuikweza m'mwamba, kuzungulira nayo. Palibe. Ndinaima pakati pa msewu kudikira njinga iliyonse. Inadutsa imodzi itanyamula anthu atatu ndi nkhumba, ina inkapita kolakwika. Anzanga anayala zitenje pamthunzi, ena anayamba kusenda chinangwa chachiwisi. Mama Agnesi anandiitana kuti fundi, bwerani mudye, uthenga unafika kale, mukudzivutitsa chiyani. Apo ndinalephera kupirira. Ndinawauza, pamaso pa onse, mawu aja ndinakanika kunena ku Lipingo. Ananditulukira mosavuta, pamalo poti sakanathandiza munthu.

Msodzi uja ndinamukhomera boti anangoyang'ana pansi. Mama Agnesi anagwira pakamwa, kenako anati, "Ndiye munkatani osanena pafoni paja, baba?" Ndinanyamula thumba langa n'kuyamba kuyenda.

Ndinayenda mpaka miyendo inakana. Nthawi imene maboti amanyamuka inandipeza ndili pamsewu ndekha, pakati pa mapiri, ndikupemphera mokweza ngati wamisala kuti injini ya alamu ikane kulira, chitsulo chimene anagula ku Songea chikhale cholakwika, wina adwale, chilichonse. Kutada banja lina la m'mbali mwa msewu linandipatsa mphasa pakhonde. Sindinagone.

Kutacha ndinapitiriza. Chiguduli chinali chitayamba kununkha, ntchentche zikunditsata. Nyama yowamba usiku umodzi siipirira kutentha kwa Okutobala. Ndinazindikira kuti ndainyamula mtunda wonsewo osaganizako, phewa litachita kusupuka. Ndinaiponya m'chigwembe, ndinamva ikugubuduka.

Lole ija inandipeza nditapitirira Mkili, dzuwa litakwera. Anali atawotcherera usiku. Konda anandikokera pamwamba, anthu anandisunthira malo ambiri kuposa amene ndinkafuna. Mama Agnesi, mayi wolongolola uja, anangondipatsa botolo la madzi. Tinayenda choncho mwina maola awiri. Tili pafupi kufika tinakumana ndi njinga yamoto ikuchokera ku Lituhi, dalaivala wathu anaimitsa kufunsa za mlatho wakutsogolo. Wa njingayo anati mlatho uli bwino. Kenako anawonjezera kuti kugombe kuli msiba, maliro, boti lina lamira usiku. Dzina sanatchule, inenso sindinafunse.

Ndinatsika pafupi ndi tchalitchi. Kulira kunkamveka kuchokera pamenepo, ndipo njira yake ndinkaidziwa.

Pabwalo pa alamu panali podzaza. Azibambo anali pansi pa mtengo wa mango. Atandiona anaimirira awiri kudzandilandira thumba akundipepesa kuti pole fundi, pole sana, mwamva msanga. Anandikhazika pampando. Mmodzi wa anthu a m'botilo, bambo wotupa maso, anandifotokozera. Nyanja inali bata, kopanda ndi kamphepo komwe. Anafika patali, anaponya chilimira, khoka lija la usipa, anakoka kamodzi, usipa wambiri. Kenako anaona madzi m'mapazi. Anakapa ndi ndowa ziwiri, madzi osachepa, akungotumphuka pansi. Kasiani analamula kuti onse alowe m'mabwato awiri amene amayenda nawo, iye anatsala kuti amasule injini. Boti linapendeka kamodzi n'kupita, khoka linamukulunga miyendo. Anamupeza m'mawa potsata zoyandamitsa za khokalo. Ena asanu ndi awiri onse anapulumuka.

Wa duka uja analipo. Anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Uthenga wanu ndinapereka ndekha, fundi. Anapita kukasuzumira m'boti, anabwera akuseka. Anati shemeji wamaliza, tezo mulibe, za pabanjazo tikambirana mawa ndikabwera ndi usipa."

Mkulu wina anati boti likakalamba limatero, umakonza apa, kumaphulika apo. Ena anavomera. Wina anati ndi thabwa lakale lakumbuyo, iye analiona kale kuti lafooka. Boti linali pansi pa nyanja, pakuya poti palibe adzalione. Ndinangoyenera kugwedeza mutu basi, ndipo Mulungu andikhululukire, ndinayamba kugwedeza.

Kenako mayi wina anabwera kudzati amake Neema akukuitanani.

Anali kuseri kwa nyumba, atakhala pansi, atatsamira khoma, azimayi awiri atamugwira uku ndi uku. Anawauza kuti atisiye. Mawu anali atasasa. Ine ndi iye tinakulira m'nyumba imodzi, ndinkamubereka kumsana popita kudambo, sindinathepo kumunamiza. Sanalire pondiona. Anandiyankhula m'Chichewa, chimene pamudzi ponsepo timamva bwino awiri tokha.

"Achimwene, khalani pansi."

Ndinakhala padothi.

"Munachoka osatsanzika. Dzulo mukutumiza uthenga woti akudikireni. Inu nkhani ya pabanja ndi alamu anu munali nayo liti? Ndiuzeni ine. Boti lija munalimaliza?"

"Ayi, achemwali."

"Chinatsala n'chiyani?"

"Mpata umodzi wapansi. Thonje linatha. Kasemasema ndinanyamula mosadziwa."

"Thonjelo munkakagula kuti masiku onsewa?"

"Ndinagula Lachiwiri. Ndinapita ku Tingi kukasaka."

Anatseka maso. Ndinkafuna andimenye, akuwe, aitane anthu onse aja adzandiponye miyala, zikanandipepukira. M'nyumba Neema ankaitana bambo ake.

Atatsegula maso sanayang'ane ine, anayang'ana kukhola la nkhuku kumene kunatsamira matabwa otsala pa ntchito ija.

"Mmisiri wa pamudzi pano ali ku Mbinga, ndipo mtembo wa m'madzi sudikira. Matabwa ndi awo. Dzukani mukawakhomere alamu anu bokosi. Limeneli mulimalize."